Kutenga kanyama ka chiwindi kudzera mumtsempha wa pakhosi: woyenera ndani, zimayenda bwanji, ndipo musamale chiyani

Adokotala akafuna kudziwa chimene chikuwononga chiwindi cha wodwala, nthawi zina magazi ndi sikani sizipereka yankho, ndipo pamafunika kudula kanyama kakang'ono kuti kakaonedwe pa maikulosikopu. Njira yofala ndi yobaya pakati pa nthiti za kumanja, singano n'kulowa m'chiwindi molunjika. Ndi yachangu komanso yotchipa. Koma singanoyo imaboola kachikopa kopyapyala kamene kamakuta chiwindi, ndipo magazi otuluka pabowolo amathera m'mimba. Munthu amene magazi ake amagwirana bwino, bowolo limatsekeka lokha. Tsono chiwindi chomwecho ndicho chimapanga zambiri mwa zinthu zogwiranitsa magazi, choncho odwala amene kuyezaku akukufuna kwambiri ndi omwenso magazi awo saleka msanga.

Njira ya pakhosi, imene kuchipatala amati transjugular liver biopsy, inabwera chifukwa cha odwala amenewa. Kapaipi kamalowa mumtsempha waukulu wa kumanja kwa khosi, kamatsika kudutsa mbali ya kumanja ya mtima, n'kukakhota kulowa mumtsempha wotulutsa magazi m'chiwindi. Singano imayenda mkati mwa kapaipiko ndipo imadula kanyama kuchokera mkati. Kachikopa ka kunja kaja sikakhudzidwa, ndipo magazi otuluka pabala amabwerera mumtsempha momwemo, ngati munthu wotunga madzi ataima mumtsinje: otayikawo amagwera mumtsinje womwewo. Charles Dotter anaiyesa pa agalu mu 1964, ndipo pofika m'ma 1970 inali ikuchitika kwa anthu.

Woyenera njira imeneyi

Poyamba yang'anani pepala la zotsatira za magazi. Manambala awiri ndiwo amatsogolera. Loyamba ndi la ma platelet, tizidutswa ta m'magazi totseka mabala, limene papepala limalembedwa PLT. Likatsika kupyola 50, kutanthauza 50,000 pa microlitre, kubaya pa nthiti kumayamba kuopsa. Odwala ambiri a chiwindi chouma, chimene chinadzaza zipsera n'kulimba, amakhala otero chifukwa kapamba wawo anatupa ndipo amasunga ma platelet. Lachiwiri ndi INR, limene limasonyeza nthawi imene magazi amatenga kuti agwirane. Kwa munthu wabwinobwino limakhala pafupi ndi 1, ndipo likapitirira 1.5 madokotala ambiri amayamba kuganizira za pakhosi.

Madzi ambiri m'mimba ndi chifukwa china chachikulu. Chiwindi chimakhala chikuyandama kutali ndi nthiti, ndipo palibe nyama yoyandikana nacho yoti ipanikize bala. Enanso oyenera ndi munthu wonenepa kwambiri moti singano ya pa nthiti siingafike bwino, munthu wa chiwindi chimene chinafota n'kuchepa, wodwala impso amene ali pa dialysis (makina osefa magazi), munthu amene chiwindi chake chasiya kugwira ntchito mwadzidzidzi popanda chifukwa chodziwika, ndi amene anaikidwa chiwindi cha munthu wina. Palinso phindu lina limene njira ya pa nthiti ilibe: kapaipi komweko kamatha kuyeza mphamvu imene magazi akukankhira polowa m'chiwindi.

Kwathu kuno mafunso amene amafikitsa munthu pa biopsy, kutanthauza kutengedwa kanyamako, nthawi zambiri ndi monga awa. Munthu ali pa ma ARV komanso pa mankhwala a TB, maso achita chikasu: kodi ndi isoniazid kapena pyrazinamide amene akupweteka chiwindi, kapena ndi TB yomweyo imene yafalikira m'chiwindi, kapena khansa ya lymphoma? Mayankho atatuwa amafuna chithandizo chosiyana kotheratu. Wina anamwapo kachasu kwa zaka zambiri, alinso ndi hepatitis B, ndipo wakhala akumwa mankhwala achikuda: chikutsogolera n'chiti?

Amene sayenera

Pali kusamvetsetsa kumodzi kofunika kukuchotsa msanga. Njira ya pakhosi si yotengera kanyama pa chotupa. Singano imadula pamalo oyandikana ndi mtsempha, siingalondoleredwe kuti ikabaye chotupa chimene chaoneka pa sikani. Ndi ya matenda amene agwira chiwindi chonse. Chotupa chimayezedwa ndi sikani, CT, magazi a AFP (chizindikiro cha khansa ya chiwindi), ndipo ngati pakufunika kanyama amabaya kuchokera kunja akuona pa sikani.

Odwala hepatitis B ambiri safunikanso biopsy ya mtundu uliwonse. Pali kawerengedwe kotchedwa APRI kamene kamangofuna manambala awiri, AST (imene imakwera m'magazi chiwindi chikamavulala) ndi PLT. Malangizo a WHO a 2024 amati munthu wamkulu ayambe mankhwala APRI ikapitirira 0.5, ndipo ikapitirira 1 aganiziridwe kuti chiwindi chauma. Kumene kuli makina a FibroScan, amayeza kulimba kwa chiwindi osabaya paliponse. Choncho funso loyenera kufunsa adokotala ndi lakuti: "Zotsatirazo zikabwera, chithandizo changa chisintha pati?" Ngati sichisintha, palibe chifukwa chobayira.

Kuyezaku kumaimitsidwanso ngati njira za ndulu zili ndi mafinya, ngati wodwala ali ndi tizilombo m'magazi ndipo thupi likutentha, kapena ngati mitsempha yotulutsa magazi m'chiwindi inatsekeka. Mtsempha wa kumanja kwa khosi ukakhala wotsekeka, monga zimachitikira anthu amene anaikidwapo kapaipi ka dialysis, amatha kugwiritsa ntchito wa kumanzere ngakhale njira yake ndi yokhota.

Kukonzekera

Ntchitoyi imafuna makina a X-ray oonetsa zithunzi zoyenda, sikani, makina olondola kagundidwe ka mtima, zida zogwiritsa ntchito kamodzi, ndi dokotala amene anaphunzira za interventional radiology, kuchiza kudzera m'mitsempha akuona pa X-ray. Si ntchito ya pachipatala chaching'ono ngati cha ku Kawale kapena Area 25. Kuno ku Lilongwe wodwala amadzera kwa madokotala a matenda a akuluakulu ku Kamuzu Central Hospital, ndipo iwowo ndi amene anganene kumene kuyezaku kungachitikire, kaya m'dziko muno kapena kunja. Musanagule tikiti kapena kupereka ndalama kulikonse, kalata yotumizira ikhale m'manja, buku la kuchipatala likhale ndi zotsatira zonse, ndipo zithunzi za sikani zikhale pomwepo.

Zoyeza zoyenera kuchitika masiku ochepa ntchito isanachitike ndi full blood count (yowerenga maselo a magazi, kuphatikizapo ma platelet), INR, creatinine yoonera impso, ndi gulu la magazi kuti botolo likhale lokonzeka ngati lingafunike. Creatinine ndi yofunika chifukwa mankhwala amene amapopera mumtsempha kuti uoneke pa X-ray amatha kulemetsa impso zofooka kale. Zikakhala choncho amachepetsa mlingo kapena kugwiritsa ntchito mpweya wa carbon dioxide m'malo mwake. Sikani ioneretu ngati mtsempha wa pakhosi ndi mitsempha ya chiwindi ili yotseguka. Mayi amene angakhale woyembekezera ayezedwe kaye chifukwa cha X-ray.

Bweretsani mankhwala onse amene mukumwa, m'mapaketi awo, ngakhale ogula pagolosale. Asipirini, bufeni, diclofenac ndi indocid amafooketsa ma platelet. Warfarin ndi clopidogrel, mankhwala oletsa magazi kugwirana, musasiye nokha: adokotala ndi amene anene ngati muleke ndi tsiku loti muleke, poti kwa ena kuleka n'koopsa kuposa kupitiriza. Wodwala shuga amene amamwa metformin ndipo impso zake n'zofooka amauzidwa kuidumpha kwa maola 48 pambuyo pa mankhwala a X-ray aja. Ma ARV samasiyidwa. Za mankhwala a kwa asing'anga nenani poyera, musaope kukalipiridwa, chifukwa woyeza kanyamayo akapanda kudziwa akhoza kutanthauzira molakwika zimene akuona. Nenaninso ngati munatulukapo zidzolo kapena kubanika mutabayidwa mankhwala pojambulitsa CT.

Musadye kwa maola 6 ntchito isanayambe. Mimba ikakhala yodzadza madzi mpaka kuuma gwa, ndi bwino kupopako malita angapo tsiku lomwelo kapena dzulo lake. Zimathandiza pawiri: wodwala amatha kugona chagada osabanika, komanso madziwo akachepa chiwindi chimatsika ndipo ngodya yolowera mumtsempha wake imawongoka. Gadiyani akhalepo, poti wodwala saloledwa kubwerera yekha.

M'chipinda chochitira ntchito

Wodwala sagonekedwa tulo. Amagona chagada, nkhope itayang'ana kumanzere, dilipi ili padzanja, mawaya oyeza mtima ali pachifuwa. Ena amapatsidwa midazolam pang'ono wochepetsa mantha, koma ayenera kukhala maso kuti azimva akauzidwa kugwira mpweya. Ntchito yonse imatenga pakati pa theka la ola ndi ola limodzi.

Choyamba ndi khosi. Khungu limatsukidwa, n'kubayidwa lignocaine wochititsa dzanzi. Dokotala amaika sikani pakhosi kuti asiyanitse mitsempha iwiri imene yagona moyandikana: wobweza magazi kumtima umaphwatalala ukadinikizidwa, pamene wopita nawo kumutu ndi wozungulira, umagunda, ndipo suphwatalala. Kubaya mongopapasa osaona pa sikani ndi kumene kumabweretsa ngozi zambiri za pakhosi. Singano ikalowa, amalowetsa kawaya kofewa, n'kuchotsa singanoyo, kenaka kapaipi kamatsata kawayako. Pa nthawi imene kapaipi kali kotseguka wodwala asapume mokoka mwamphamvu, chifukwa mpweya ungathe kuyamwidwira mumtsempha.

Chachiwiri ndi kudutsa mumtima. Kawaya kamatsika, dokotala akukaona pa X-ray, mpaka mumtsempha waukulu wa kumunsi. Kakakhudza khoma la mtima, mtima umadumphadumpha ndipo wodwala amamva kugunda kwachilendo. Nthawi zambiri zimatha kawayako kakangosunthidwa, koma ndi chifukwa chake namwino sachotsa maso pa makina a mtima.

Chachitatu ndi kulowa m'chiwindi. Mitsempha yotulutsa magazi m'chiwindi ilipo itatu, wa kumanja, wa pakati ndi wa kumanzere. Wosankhidwa kawirikawiri ndi wa kumanja chifukwa ngodya yake ndi yosavuta. Wodwala akakoka mpweya wambiri, chiwindi chimatsika ndipo njira imawongoka. Amapopera mankhwala pang'ono kuti mtsemphawo uoneke, ndipo wodwala amatha kumva kutentha m'thupi kwa kanthawi. Dokotala ayenera kutsimikiza kuti ali mumtsempha uti, ngakhale pojambula cham'mbali, chifukwa sitepe yotsatira imadalira pamenepo.

Chachinayi, ngati kwapemphedwa, ndi kuyeza mphamvu ya magazi, ndipo kumachitika asanadule kanyama. Amayeza kapaipi kali komasuka mumtsempha, kenaka amafufumitsa kabaluni ka kunsonga kuti katseke mtsemphawo, n'kudikira pafupifupi mphindi imodzi mpaka nambala itakhazikika. Amabwereza katatu. Kusiyana kwa manambala awiriwa kumatchedwa HVPG.

Chachisanu ndi kudula. Kachitsulo kokhota kunsonga kamalowetsedwa m'kapaipi, ndipo singano yaitali ya 18G kapena 19G imadzera mkati mwake. Apa ndi pamene pagona chitetezo chonse cha njirayi. Mtsempha wa kumanja wagona cha kumsana, nyama yambiri ya chiwindi ili kutsogolo kwake, choncho nsonga imatembenuzidwira kutsogolo. Dokotala akakhala mumtsempha wa pakati koma akuganiza kuti ali wa kumanja, n'kutembenuzira kutsogolo, singano ikhoza kuboola kachikopa ka kunja kapena kubaya thumba la ndulu. Nsonga ikhalenso pafupi ndi polowera, masentimita 3 kapena 4 kuchokera pa mtsempha waukulu, osati kutali m'mphepete kumene nyama ndi yopyapyala. Pa chiwindi chofota malire amenewa ndi ochepa zedi, ndipo singano yopitirira yakhala ikubweretsa kanyama ka impso m'malo mwa ka chiwindi. Wodwala amauzidwa kugwira mpweya, singano imalira kuti tha, ndipo amamva kupweteka kwakanthawi pansi pa nthiti kapena paphewa la kumanja. Zimabwerezedwa katatu kapena kanayi.

Chomaliza, amapoperanso mankhwala kuti aone ngati akudontha kunja kwa chiwindi. Akaona kuti kachikopa kabooka, amatseka njira ya singanoyo pomwepo ndi tizidutswa ta gelfoam, tonga siponji toletsa magazi. Kapaipi kamachotsedwa ndipo pakhosi amadinikiza kwa mphindi 5 mpaka 10. Sipasokedwa, amangomata pulasitala.

Kanyamako kasawonongeke

Kanyama ka biopsy ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 50,000 a chiwindi chonse, ndipo ka pakhosi kamakhala kopyapyala kuposa ka pa nthiti. N'chifukwa chake kudula kamodzi sikukwana. Woyeza amawerenga timagulu ta mitsempha ndi njira za ndulu totchedwa portal tracts. Kuti atchule matenda amafuna tosachepera 6 pa kanyama ka mamilimita 15, ndipo kuti anene bwino mlingo wa zipsera pa matenda okhalitsa amafuna tokwana 11 pa mamilimita 20 kapena kuposa. Chiwindi chouma chimanyenyeka, makamaka ndi singano zakale zoyamwa. Singano zodula zimatulutsa tizidutswa tathunthu.

Tizidutswato tiikidwe nthawi yomweyo mu formalin wa 10 peresenti, mankhwala osungira nyama kuti isaole. Koma ngati akuganizira TB, kachidutswa kamodzi kaikidwe padera m'madzi amchere a saline, chifukwa formalin amapha tizilombo ndipo sitingamerenso ku labu. Izi zikambidwe ntchito isanayambe, osati singano itatuluka kale. Pa fomu palembedwe mbiri yonse: mankhwala, mowa, zotsatira za hepatitis B ndi HIV, ndi dera limene wodwala anakulira. Ku Kamuzu Central kuli labu yoyeza tinyama imene inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, ntchito ya yunivesite ya North Carolina ya ku America. Amene achitira biopsy kunja apemphe lipoti lolembedwa, ndipo ngati n'kotheka timagalasi ta pa maikulosikopu kapena kachibuma ka sera kamene kanyamako kasungidwamo, kuti madokotala akuno athe kuonanso.

Maola oyamba ndi masiku otsatira

Wodwala agone mutu utakwezedwa pang'ono, kuti magazi asakankhe kwambiri pabala la pakhosi. BP ndi kugunda kwa mtima ziyezedwe mphindi 15 zilizonse mu ola loyamba, kenaka theka la ola lililonse, mpaka maola 4 kapena 6 atakwana. Amene magazi awo ndi ofooka kwambiri, kapena kwawo ndi kutali monga ku Nsaru kapena Mitundu, ndi bwino agone m'chipatala usiku umenewo. Agadiyani dziwani ichi: munthu amene akutaya magazi mkati, mtima umayamba kuthamanga BP isanatsike. Akayamba thukuta lozizira, kusakhazikika, ludzu lalikulu, kapena mimba kuuma ndi kupweteka mowonjezereka, itanani anamwino pomwepo, musadikire nthawi yoyeza ikwane.

Zofala koma zosaopsa ndi kutupa pang'ono ndi kuwawa pakhosi, kupweteka paphewa la kumanja, ndi kutentha thupi pang'ono. Ena mawu amasasa kapena chikope chimodzi chimagwa kwa maola angapo chifukwa lignocaine wafika pa minyewa yapafupi, ndipo zimatha zokha. Zoopsa ndi kutupa kwa pakhosi kumene kukukula mpaka kuvutitsa kupuma, kubanika ndi kubaya pachifuwa kumene kungasonyeze kuti singano inakhudza nsonga ya phapo, ndi kutaya magazi m'mimba.

Vuto lina limabwera mochedwa, munthu ali kale kunyumba. Magazi amatha kulowa m'njira za ndulu patapita masiku angapo. Zizindikiro zake ndi kupweteka kopotokola pansi pa nthiti za kumanja, chikasu kuwonjezereka, ndi chimbudzi chakuda bii chonunkha kwambiri kapena kusanza magazi. Zikatero pitani molunjika kuchipatala chachikulu, osati ku famase, ndipo muuze wokulandirani kuti munatengedwa kanyama ka chiwindi tsiku lakuti.

Pobwerera kunyumba pewani kabaza. Kwa sabata imodzi musasenze ndowa kapena mtolo pamutu, musalime, musanyamule thumba la chimanga. Pulasitala ikhale youma kwa tsiku limodzi. Ululu ukavuta imwani panado, koma wodwala chiwindi asapitirire magalamu 2 patsiku, amene ndi mapiritsi 4 a 500 mg. Bufeni ndi anzake aja ayi, mowa ayi.

Pa manambala a ngozi, kafukufuku wa mu 2007 amene anaphatikiza ma biopsy a pakhosi oposa 7,000 anapeza kuti kanyama kanapezeka mwa odwala pafupifupi 97 pa 100 alionse. Mavuto aang'ono anachitika mwa 6 kapena 7 pa 100, aakulu mwa ochepera mmodzi pa 100, ndipo imfa mwa akuluakulu inali pafupifupi mmodzi pa 1,000, chifukwa cha kutaya magazi kapena kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima. Kwa ana ngozi zinali zokwererapo. Powerenga manambalawa kumbukirani kuti ambiri mwa odwalawa ndi aja amene kubaya pa nthiti kunali kutakanidwa kale.

Kuwerenga HVPG, ndi nkhani ya likodzo

Kwa munthu wabwinobwino HVPG imakhala pakati pa 1 ndi 5 mmHg. Ikafika 10, mitsempha ya kummero imayamba kutupa ndipo madzi angathe kuyamba m'mimba. Kuyambira 12 kupita m'mwamba ngozi yosanza magazi imakula. Manambalawa ndi amene amathandiza adokotala kusankha zoyamba propranolol kapena carvedilol, mankhwala otsitsa mphamvu ya magaziyo, ndi kuona ngati munthu angapirire opaleshoni. Wodwala amene akumwa kale mankhwalawa anene, poti amatsitsa nambalayo.

Koma pali msampha umene madokotala a kumaiko kopanda likodzo angauphonye. Likodzo la m'matumbo limaikira mazira amene amakodwa m'timitsempha tolowetsa magazi m'chiwindi, ndipo zipsera zimapangika pamenepo, magazi asanafike pamalo amene kabaluni kaja kamayeza. Zotsatira zake, munthu amatha kukhala ndi kapamba wamkulu, ma platelet otsika, n'kumasanza magazi, koma HVPG yake ili yabwinobwino kapena yangokwera pang'ono. Kanyamanso kangathe kuoneka kabwino, chifukwa zipsera za likodzo zimatsata mitsempha ikuluikulu ndipo singano yopyapyala ikhoza kudutsa pakati pake osakhudza dzira ngakhale limodzi. Wodwala wotere asauzidwe kuti alibe vuto. Ngati anakulira kunyanja, m'madambo kapena m'minda ya mpunga, mbiri imeneyo ilembedwe pa fomu, chimbudzi chiyezedwe, sikani ione zipsera zozungulira mitsempha, ndipo kummero kuunikidwe ndi kamera. Chithandizo chake ndi praziquantel pamodzi ndi kuteteza mitsempha ya kummero kuti isaphulike, ndipo chiwindi cha odwala likodzo nthawi zambiri chimakhala chikugwirabe ntchito bwino kusiyana ndi cha munthu amene chinauma ndi mowa kapena hepatitis B.